Chithunzi chimodzi tsiku lililonse: zikayamba kuvuta, muyambire pati kufufuza

Mufoda yanga ya zithunzi muli chithunzi cha makiyi ali patebulo. Ndinachijambula 11:47 usiku, nditavala kale zogonera, nditangodzidzimuka kuti tsiku likutha ndisanajambule kanthu. Makiyiwo akuoneka mwachimbuuzi. Tebulo lomwe ndi lofiirira latuluka lachikasu ngati lapakidwa mafuta, ndipo pamene pali mthunzi padzaza timadontho ngati mchenga. Linali tsiku la 23 chiyambireni lamulo langa lojambula chithunzi chimodzi tsiku lililonse kwa chaka chathunthu, ndipo usiku umenewo ndinagona nditatsimikiza mtima kuti vuto ndi kamera ya foni yanga.

Sinali kamera. Patapita masiku ndinasonkhanitsa zithunzi zonse zimene sizinkandisangalatsa, n'kuyang'ana nthawi imene ndinajambula chilichonse. Pafupifupi zonse zinali za usiku, m'nyumba, pansi pa babu limodzi. Kuyambira pamenepo, munthu akandidandaulira kuti zithunzi zake za tsiku ndi tsiku zayamba kuipa, kapena kuti wagwa nazo ulesi, sindiyamba n'kufunsa mtundu wa kamera. Ndimafunsa kuti amajambula nthawi yanji. Mavuto ambiri a ntchito imeneyi, chimbuuzi, timadontho, mitundu yosokonekera, kusowa chojambula ngakhale kudumphitsa tsiku kumene, ndi nthambi za mtengo umodzi, ndipo tsinde lake ndi chizolowezi chosiyira chithunzi kumapeto kwa tsiku.

Musanakhudze batani lililonse, onani ola

Chithunzi chilichonse cha kamera ya dijito chimasunga mbiri yake mkati mwa fayilo, mbiri yotchedwa EXIF. Muli tsiku, nthawi, ISO (mlingo umene kamera imakulitsira kuwala kumene yalandira), liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) ndi nambala ya f (yosonyeza kukula kwa kabowo ka lenzi). Pafoni, tsegulani chithunzi n'kuchikokera m'mwamba kapena kudina kachizindikiro ka i. Pakompyuta ya Windows, dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Properties kenako Details. Tengani zithunzi 20 zimene mukuziona kuti zalephera, mulembe papepala nthawi ndi manambala atatuwo. Ntchitoyi siitha mphindi khumi, koma ikuuzani zoona zimene kukumbukira kwanu kukanakubisirani.

Chimene chimapusitsa tonse ndi diso. Diso limazolowera mdima msanga moti chipinda choyatsa babu timachiona ngati chowala mokwanira. Kamera siimva choncho. Panja dzuwa likuswa mtengo kuwala kumafika lux 100,000 (lux ndi muyezo wa kuchuluka kwa kuwala), tsiku la mitambo kumakhala cha m'ma 1,000, pamene m'chipinda chochezeramo usiku nthawi zambiri kumangokhala cha m'ma 50. Kuwala kukachepa chonchi, kamera imatsala ndi njira zitatu. Ikhoza kusiya shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, kali kotsegula nthawi yaitali, ndiye dzanja likangogwedezeka pang'ono chithunzi chimapakika. Ikhoza kukweza ISO, ndiye timadontho tija timatulukira. Ikhoza kukulitsa kabowo ka lenzi, koma mafoni ambiri kabowo kawo sikasintha, kanakhazikitsidwa kale cha pa f/1.8. Choncho foni imagwiritsa ntchito njira ziwiri zoyambazo nthawi imodzi, ndipo zonse zili ndi dipo lake.

Makiyi aja ndinawajambulanso m'mawa mwake, patebulo lomwelo, nditangolikokera pafupi ndi zenera. Chausiku chija chinali pa ISO 800 ndi shutter ya 1/15 ya sekondi. Cham'mawa chinatuluka pa ISO 100 ndi 1/125. ISO inatsika kasanu ndi katatu, shutter inafulumira kasanu ndi katatu, kutanthauza kuti pazenerapo panali kuwala kochuluka pafupifupi ka 64 kuposa usiku uja. Timano ta kiyi aliyense tinaoneka, ngakhale tizikanda tapachitsulo. Foni inali yomweyo, dzanja lomwelo.

Mankhwala ake si kudzikalipira kuti mawa ndichita changu. Mangirirani chithunzi ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse kukadawala: potsegula makatani, potuluka pakhomo, pa nthawi yopuma masana. Ine ndimajambula chithunzi chimodzi isanakwane 9 koloko m'mawa, chikhale chokoma kapena ayi, ndipo ndimachitcha chosungira. Ngongole ya tsikulo ikabwezedwa m'mawa, maola otsalawo mtima umakhala m'malo, ndipo kawirikawiri chithunzi chenicheni cha tsikulo chimabwera chokha masana, ndisakuchisaka ndi nkhawa. Alamu ya foni ndi yothandiza, koma muyiike masana. Ya 10 koloko usiku imangokukumbutsani kuti mwachedwa kale.

Komabe si tsiku lililonse limene munthu angapeze dzuwa. Ena amalowa ntchito kusanache n'kutuluka kutada. Ndiye tiyeni tione vuto lililonse palokha.

Chithunzi chachimbuuzi

Apa m'pamene anthu amasokonezeka kwambiri, chifukwa chimbuuzi chili ndi magwero anayi osiyana ndipo mankhwala a gwero limodzi sagwira pa linzake. Musaweruze chithunzi chili chaching'ono pasikirini. Chikulitseni ndi zala mpaka muone m'mphepete mwa zinthu, kenako mudzifunse kuti kodi pali chinthu ngakhale chimodzi chimene chatuluka bwinobwino.

Ngati palibe, ndipo m'mphepete mwa zinthu zonse mwakokekera mbali imodzi kapena mukuoneka pawiripawiri, kamera inagwedezeka. Onani shutter mu EXIF. Ojambula ali ndi lamulo lakale loti shutter isachedwe kuposa 1 kugawa ndi kutalika kwa lenzi: lenzi ya 50mm imafuna 1/50 kapena kufulumirirapo, ya 200mm imafuna 1/200. Pa makamera amene sensa yawo, kachipangizo kolandira kuwala, ndi yaing'ono ya mtundu wa APS-C, kutalikako muchulukitse ndi 1.5, choncho 50mm ifuna pafupifupi 1/80. Mukalephera kufika pamenepo, chepetsani kugwedezekako. Gwirani ndi manja awiri, zigongono zitsamire panthiti, phewa litsamire khoma, mutulutse mpweya pang'onopang'ono ndipo mudine pamene mpweyawo ukutha. Kuposa zonsezi, ikani kamera pachinthu cholimba, mulu wa mabuku ndi wokwanira, n'kutchera timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisaigwedeze podina.

Ngati khoma, mpando ndi zina zosayenda zatuluka bwino koma munthu kapena chiweto ndiye chapakika, kamera ilibe mlandu, chojambulidwacho ndicho chinasuntha. Apa tripod, choimikirapo kamera cha miyendo itatu, singakuthandizeni. Ngakhale kachipangizo kochepetsa kugwedezeka komwe kali m'malenzi ndi m'mafoni ambiri sikathandiza, chifukwa kamakonza kunjenjemera kwa dzanja lanu, osati kuyenda kwa mwana amene mukumujambula. Pamafunika shutter yofulumira basi. Munthu wokhala chete amafuna cha m'ma 1/125, woyenda 1/250, wothamanga kapena mwana wosewera 1/500 kupita m'mwamba. Pakamera sankhani S kapena Tv, zilembo zokulolani kusankha liwiro la shutter, muike liwirolo nokha, ISO muisiye ikwere mmene ingafunire. Pafoni, ngati ili ndi Pro mode, chitani chimodzimodzi. Ndipo Night mode musaidalire pa chinthu choyenda, chifukwa imajambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza, ndiye chimene chinasuntha pakati pa zithunzizo chimatuluka ngati mzukwa.

Gwero lachitatu ndi focus yophonya, kutanthauza kuti kamera yalunjika pa chinthu cholakwika. Chizindikiro chake n'chakuti pali chinthu chimene chatuluka bwino kwambiri, koma si chimene munkafuna: masamba a kumbuyo ali ngwee, nkhope ili mbuu. Kamera ikasiyidwa kusankha yokha imakonda chinthu chapafupi kapena chokhala ndi mizere yooneka bwino. Pafoni gwirani pasikirini pamene mukufuna, ndipo mukagwiritsitsa kwa kanthawi mafoni ambiri amakhoma focus pomwepo. Pakamera sankhani kadontho kamodzi ka focus, mukaike padiso la munthu. Palinso msampha wina kwa okonda kujambula tinthu tating'ono: lenzi iliyonse ili ndi malire a kuyandikira, ndipo kamera yaikulu ya mafoni ambiri imalephera chinthu chikayandikira kuposa masentimita pafupifupi 10. Bwererani m'mbuyo pang'ono, mudule chithunzicho pambuyo pake.

Lachinayi ndi losavuta moti anthu amachita manyazi akalizindikira. Chithunzi chonse chikamaoneka ngati chili mu nkhungu, ndipo nyali zikamatulutsa michira yaitali ya kuwala, lenzi yadetsedwa ndi mafuta a chala. Foni imakhala m'manja ndi m'thumba tsiku lonse. Pukutani ndi kansalu kofewa musanajambule, tsiku lililonse, mpaka dzanja lizolowere.

Timadontho ngati mchenga

Pa vuto ili sindichedwapo, chifukwa ndimaona kuti timaliopa mopitirira muyeso. Chithunzi cha timadontho koma chogwira bwino nkhope ya munthu akuseka chimaposa chosalala chimene nkhopeyo yapakika. Mukafika posankha pakati pa ISO 3200 ndi chimbuuzi, tengani ISO. Chimene muyenera kupewa ndi kujambula chithunzi chakuda dala poopa ISO yokwera, n'kudzachiwalitsa pokonza, chifukwa timadontho timabisala m'malo amdima ndipo mukawawalitsa timatuluka tonse. Chinanso ndi kukokera chinthu pafupi ndi zala pasikirini. Pokhapokha foni ili ndi lenzi ina yapadera yoonera kutali, kukokako n'kungodula chithunzi n'kuchifutukula. Yendani ndi miyendo muyandikire.

Mitundu yasokonekera, kapena pali mizere yakuda

Pepala loyera timaliona loyera paliponse chifukwa ubongo umatikonzera, koma kuwala kuli ndi mtundu wake. Pa muyezo wa mtundu wa kuwala (K), babu la kuwala kofunda limakhala cha pa 2700K ndipo limapaka zinthu chikasu, dzuwa la masana lili cha pa 5500K, mthunzi wa panja umapitirira 7000K ndipo umakokera ku buluu. Kamera imayesa kulota yokha, nthawi zambiri imalondola, koma imagonja mukasakaniza magwero awiri. Munthu akakhala pakati pa zenera ndi babu loyaka, tsaya lina limatuluka labuluu, lina lachikasu, ndipo palibe nambala imodzi ya white balance, chokonzera mtundu wa kuwala m'kamera, imene ingakonze mbali zonse ziwiri. Zimitsani babu, kapena tsekani katani. Gwero likhale limodzi. Mukatero, ikani pepala loyera pamalopo, mulijambule kaye, kenako mukonze mtundu mpaka pepalalo lioneke loyera. Zikakanikiratu, chithunzi chosakhala ndi mitundu, chakuda ndi choyera, chimapulumutsa zambiri za usiku, ndipo kutero si kubera.

Mizere yakuda yopingasa pachithunzi, kapena zithunzi ziwiri zotsatizana kusiyana kuwala popanda chifukwa, zimachokera ku mababu a LED ndi a chubu amene amaphethira mofulumira kuposa mmene diso lingaonere. M'maiko amene magetsi ake ndi a 50 Hz amaphethira ka 100 pa sekondi, kumene ndi a 60 Hz ka 120. Shutter ikafulumira kwambiri imagwira kuphethirako. Ikani 1/50 kapena 1/100 kumagetsi a 50 Hz, 1/60 kapena 1/125 kwa a 60 Hz. Ngati kamera yanu ili pa shutter yosamveka phokoso, bwererani ku yamakina, chifukwa yosamvekayo ndiyo imaonetsa mizereyi kwambiri.

Chada kwambiri, kapena chayera mpaka kufufutika

Kachipangizo koyezera kuwala m'kamera sikadziwa chimene mukujambula. Kamangoganiza kuti zonse zikaphatikizidwa ziyenera kukhala zotuwa, pakati pa kuyera ndi kuda. N'chifukwa chake khoma loyera limatuluka lotuwa, ndipo munthu woima kutsogolo kwa zenera lowala amasanduka chithunzithunzi chakuda. Pakamera pali batani la +/-. Malo akakhala oyera kwambiri onjezani +1, akakhala akuda kwambiri chotsani -1. Pafoni, mukagwira pasikirini pamabwera kadzuwa kapena kamzere koti mukokere m'mwamba kapena m'munsi. Koma kwa munthu wa pazenera uja, njira yabwino kuposa batani n'kumutembenuza kuti kuwala kumumenye cham'mbali.

Pakati pa zolakwa ziwirizi, yoopsa ndi kuyeretsa mopitirira. Mtambo kapena chipumi chikayera mpaka kufufutika, palibe chotsala choti mubwezeretse. Fayilo ya JPEG, mtundu wamba wa zithunzi, imasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW (fayilo yosakonzedwa yochokera m'kamera) ya 12 bit imasunga 4,096 ndipo ya 14 bit 16,384, choncho RAW imakhululuka zambiri. Ngakhale zili choncho, sindilangiza munthu wa chithunzi cha tsiku ndi tsiku kujambula RAW masiku onse. Fayilo iliyonse imafuna kukonzedwa, ntchito imaunjikana, ndipo mulu wa zithunzi zosakonza wagwetsapo mphwayi anthu ambiri kuposa mtambo wofufutika. RAW muisungire masiku a kuwala kovuta.

Ndasowa chojambula

Ili ndilo vuto limene limaimitsa ntchito yonse, ndipo nalonso limakula usiku, pamene dziko lanu lonse latsala zipinda ziwiri zimene mwazijambula kale kangapo. Masiku oyamba munthu amadya nkhokwe ya zinthu zimene wakhala akufuna kujambula kwa zaka: maluwa, kulowa kwa dzuwa, chiweto, nkhope za apabanja. Nkhokweyo ikatha mutu umaima, n'kuyamba kuganiza kuti kumene amakhala kulibe chokongola.

Kusaka malo atsopano kumathandiza tsiku limodzi lokha. Chimene chinandithandiza ine kwa nthawi yaitali n'kudzichepetsera ufulu. Funso loti ndijambule chiyani n'lalikulu kwambiri moti silingayankhidwe munthu atatopa. Funso loti ndi mthunzi uti umene ndiujambule lero, limayankhika pa mphindi zisanu. Dziikireni malire a sabata yathunthu: sabata ino zinthu zofiira zokha, yamawa manja a anthu okha, inayo chilichonse koma kamera ili pansi penipeni. Henri Cartier-Bresson, Mfalansa wotchuka uja, anajambula zithunzi zake zambiri ndi kamera ya Leica ndi lenzi imodzi ya 50mm. Noah Kalina wa ku America wakhala akujambula chinthu chimodzi chokha, nkhope yake, tsiku ndi tsiku kuyambira mu Januwale 2000. Malirewo mulembe papepala kumayambiriro kwa mwezi mutu uli bwino, osati kuwaganiza tsiku lomwelo.

Yesero limene ndimalikonda kuposa onse ndi la chinthu chimodzi masiku asanu ndi awiri. Ndinatenga kapu yagalasi yokhala ndi madzi theka. Lolemba ndinaiika pazenera kuwala kukuchokera kumbali. Lachiwiri kuwala kunali kumbuyo kwake, ndipo m'mphepete mwa kapuyo munayaka ngati waya wamoto, madzi n'kuponya kachigamba kowala patebulo komwe ndinali ndisanakaonepo pa zaka zonse zimene ndamwera kapuyo. Lachitatu ndinajambula kachigambako kokha, kapu osaoneka. Lachinayi ndinaika pepala loyera mbali yamdima kuti libweze kuwala, mthunzi n'kufewa. Pofika Lachisanu ndinali nditadziphunzitsa ndekha lamulo limene mabuku amalifotokoza ndi masamu, lakuti ukatalikitsa chinthu kawiri kuchoka ku nyali, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndinangosuntha kapuyo chikhatho chimodzi kuchoka ku tochi, chithunzi chonse n'kusintha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kapu ija maso ake inandionetsa tsiku lachitatu.

Mbali ina ya vutoli ndi kufuna kuti tsiku lililonse libale chithunzi chodabwitsa. Jamie Livingston wa ku New York anajambula chithunzi chimodzi cha Polaroid, kamera yotulutsa chithunzi papepala nthawi yomweyo, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira pa 31 Marichi 1979 mpaka pa 25 Okutobala 1997, tsiku limene anamwalira. Zithunzizo ndi zoposa 6,000. Zambiri mwa izo, mukaziona chimodzichimodzi, ndi za wamba: anzake atakhala pamodzi, zinthu za m'nyumba, msewu. Mphamvu yake imaoneka zikaikidwa mondondozana, mpaka kufika pa zomaliza zimene zikumuonetsa akudwala m'chipatala. Ine ndikapeza chithunzi chimodzi pa sabata chimene ndingafune kuchisindikiza, ndimaona kuti sabatayo yayenda bwino. Zinazo ndi njerwa.

Ngati mumaika zithunzi zanu pa Instagram kapena pa Facebook tsiku ndi tsiku, onetsetsani ngati simunayambe kujambulira anthu odina chizindikiro cha mtima. Zimaonekera pamene mwayamba kubwereza mtundu umodzi wa chithunzi chifukwa unakondedwa, n'kumaopa kuyesa zachilendo. Jambulani tsiku lililonse, koma muonetse kamodzi pa sabata.

Ndayesa zachilendo koma zalephera

Chimene chimalepheretsa mayesero ambiri n'kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Chithunzi chikaipa, munthu amasintha ISO, shutter ndi malo oimirira pamodzi, ndiye chikakoma kapena kuipiraipira sadziwa chimene chachititsa. Sinthani chimodzi, jambulani, yerekezani, mulembe m'kabuku. Zimaoneka zochedwetsa, koma ulendo wachiwiri simuyambiranso pachiyambi.

Kulemba ndi kuwala kwa tochi mumdima kumafuna kamera yokhazikika, ISO 100, f/8 ngati lenzi ikulola, ndi shutter ya masekondi 10 mpaka 20. Mafoni ambiri okhala ndi Pro mode amafika masekondi 30. Chithunzi chikatuluka chachimbuuzi chonse, ndiye kuti kamera inalephera kupeza focus mumdima. Yatsani tochi pamalo pamene muimirire, mukhazikitse focus pamenepo, muisinthire ku manual isasunthenso, kenako muzimitse magetsi. Mukaoneka inuyo m'chithunzi ngati mzukwa, mwina mwavala zowala kapena munaima malo amodzi nthawi yaitali, choncho valani zakuda ndipo musaleke kuyenda. Mzere wa kuwala ukakhala wonenepa ndi woyera mopitirira, tochi ndi yamphamvu kwambiri kapena mukuyendetsa dzanja mochedwa. Phimbani tochiyo ndi pepala lopyapyala.

Ena amayesa shutter yaitali masana kuti madzi oyenda aoneke osalala, n'kupeza chithunzi choyera mbee, chopanda kanthu. Kamera sinawonongeke. Dzuwa likuwala, pa ISO 100 ndi f/16, shutter yoyenera ndi pafupifupi 1/100. Mukaika sekondi imodzi mwalowetsa kuwala kochuluka ka 100 kuposa kofunikira. Njira ndi ziwiri: kagalasi kakuda ka ND kovala kutsogolo kwa lenzi, komwe ka masitepe 10 kamachepetsa kuwala pafupifupi ka 1,000, kapena kudikira dzuwa litangolowa kumene, pamene kuwala kwachepa kokha.

Kutsatira chinthu choyenda ndi kamera, kuti icho chituluke bwino kumbuyo kutapakika, n'kovuta kwa aliyense. Kwa munthu wa panjinga yambirani pa 1/30. Zonse zikapakika, mwina liwiro la manja anu silikugwirizana ndi la njinga, kapena mukuima pamene mwadina. Miyendo ikhazikike, mutembenuke ndi chiuno, muyambe kutsatira njingayo isanafike patsogolo panu, ndipo mupitirize kuitsatira mutadina kale. Kumbuyo kukapanda kupakika, shutter yafulumira, tsikirani ku 1/15. Jambulani zambiri motsatizana. Kupeza chimodzi chabwino pakati pa zolephera zambiri ndi mmene zimakhalira, si chizindikiro choti mulibe luso.

Tsiku la yesero, chithunzi chosungira cha m'mawa chija ndicho chimakupatsani mtima woyesa, popeza yeserolo likakanika tsiku silinapite pachabe.

Ndadumphitsa tsiku

Zidzachitika. Kudwala, maliro, ulendo wadzidzidzi, batire kutha, kapena kungoiwala. Anthu ambiri sasiya chifukwa cha tsiku lodumphalo, amasiya chifukwa cha maganizo a tsiku lotsatira, oti ndondomeko yaduka kale ndiye palibenso chifukwa. Madzi akatayika saoleka, ndipo sindikulangizani kutenga chithunzi cha tsiku lina n'kuchinamizira tsiku losowalo. Inu nomwe mudzadziwa, ndipo mukachita kamodzi mudzachitanso mpaka ntchito yonse idzataya tanthauzo. Siyani mpatawo poyera. Ine pa tsiku loterolo ndimaika pepala lakuda lolembedwa deti lokha, ndipo lamulo langa n'lakuti ndisadumphitse masiku awiri otsatizana. Mungathenso kusintha kawerengedwe: m'malo mwa masiku 365 a pakalendala, werengani zithunzi 365, zidzathe pamene zidzathere.

Nthawi zina tsiku limaoneka ngati ladumphidwa pamene wotchi ya kamera ndiyo yasokonekera. Foni imakonza nthawi yokha, koma kamera siitero. Batire likakhala kunja nthawi yaitali kamera ina imabwerera ku deti la ku fakitale, ndipo mukapita dziko la nthawi yosiyana chithunzi cha madzulo chikhoza kulembedwa kuti n'cha mawa lake. Onani wotchiyo kumayambiriro kwa mwezi uliwonse.

Zithunzi zasowa kapena zachepa mphamvu

Chithunzi chimene chinali chokongola pafoni chikatuluka chophwanyikaphwanyika pakompyuta, funsani njira imene chadutsa. WhatsApp imafinya zithunzi potumiza ndipo imachotsa EXIF, ndiye deti lenileni limatayika. Tumizani ngati document, kapena gwiritsani ntchito chingwe. Koma dziwani kuti fayilo yathunthu ikhoza kukhala ndi malo enieni amene munajambulira ngati GPS inali yoyatsa, choncho zithunzi za kunyumba muzichotse malowo musanazipereke kwa anthu osawadziwa.

Chithunzi chosankhidwa cha tsikulo muchikopere mufoda yakeyake tsiku lomwelo, ndipo dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2025-03-14, kuti zizidzindandalika zokha. Mukazengereza mwezi wathunthu mudzakumana ndi zithunzi mazanamazana zofanana, osakumbukanso chimene munasankha. Memori khadi muziifufutira m'kamera momwemo ndi Format mukatsimikiza kuti zonse zakopedwa, osati kuchotsa chimodzichimodzi pakompyuta. Khadi likayamba kukana kuwerengeka, lekani kujambulirapo nthawi yomweyo, chifukwa chithunzi chatsopano chilichonse chikhoza kulembedwa pamwamba pa zimene zikanapulumuka.

Osunga mafayilo ali ndi lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba, monga pa intaneti. Chenjerani ndi iCloud ndi Google Photos, chifukwa zimagwirizanitsa foni ndi nkhokwe yanu, moti mukafufuta chithunzi mkati mwa pulogalamuyo chimafufutika mbali zonse, ngakhale kuti chimayamba chakhala kaye mu zinyalala kwa masiku angapo. Kope limodzi likhale pa hard drive yosalumikizidwa ndi chilichonse. Kamodzi pa mwezi ilumikizeni, musankhe zithunzi zitatu zakale mwachisawawa, muzitsegule kuti muone ngati zikutsegukadi.